Ndathawa nkhanza, koma ndilibe pogona

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi kwa Kuntaja, cha ku Chileka. Amuna anga ndi mkamwini, nyumba yathu ili pamalo a malemu mayi anga. Njerwa tinaumba tonse, malata anagula ndi iwo. Akhala akundimenya kuyambira ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Mwezi watha anandithamangitsa ndi chikwanje usiku, ndiye ndinathawira kwa mnzanga wa kumpingo ku Lirangwe. Ine ndi ana tikugona m'khitchini, pambali pa matumba a chimanga, ndipo bambo a pakhomopo ayamba kung'ung'udza. Ankhoswe akuti ndibwerere, banja ndi kupirira. Amuna anga akuti sachoka pokhapokha nditawabwezera malata awo. Ndinamva pawailesi kuti kuli nyumba zosungirako amayi ozunzidwa ndi ndalama zowathandiza kuyambanso moyo. Zimenezi zili kuti? Ndipite kwa yani?

Mayi wosowa kolowera, Kuntaja

Mayi,

Pepani kwambiri. Munachita bwino kuthawa. Ankhoswe amayanjanitsa anthu okangana za ndiwo ndi ndalama za fetereza; pakatuluka chikwanje, nkhaniyo yawakulira, ndi ya apolisi. Musabwerere chifukwa chowachitira ulemu.

Za nyumba zosungirako amayi, ndisakunamizeni. M'dziko muno n'zochepa, zambiri zimayendetsedwa ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo zimadalira ndalama za abwenzi akunja zomwe zimabwera kwa zaka zingapo kenako n'kutha. Munthu amasungidwako kwa kanthawi chabe. Ntchito yaikulu yolimbana ndi nkhanza ya Spotlight Initiative, yomwe European Union ndi United Nations anayambitsa kuno mu 2019, inali m'maboma asanu ndi limodzi: Dowa, Ntchisi, Mzimba, Nkhata Bay, Machinga ndi Nsanje. Blantyre panalibe. Nayo Mtukula Pakhomo imasankha mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, siyang'ana kuti wina wathawa nkhanza. Funsani ndithu ngati malo angapezeke m'nyumba zosungirako amayizo. Imbani 5600, nambala yaulere yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre. Koma mtima wanu usakhale pamenepo.

Chomwe chandigwira mtima m'kalata yanu n'chakuti mukusaka nyumba chikhalirecho nyumba muli nayo. Malo ndi a mayi anu, njerwa munaumba nawo, koma wogona m'khitchini ya eni ndinu, womenya ali phee pakama. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 linaganizira zimenezi. Khoti la majisitireti litha kupereka chikalata choletsa amuna anu kukumenyani, kukuopsezani kapena kukuyandikirani, ndipo pakaoneka kuti moyo uli pachiswe, chikalata chongoyembekezera chitha kutuluka iwo asanaitanidwe n'komwe. Litha kulamulanso kuti inu ndi ana mukhale m'nyumbamo, iwo atuluke. Kukhoti chimenechi amachitcha occupation order. Lowezani dzinalo, mukachipemphe mochitchula. Akachiphwanya, apalamula mlandu wina.

Yambani ndi polisi ya Chileka. Mukafike ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit, mukafotokoze zonse kuyambira pachiyambi, osasiya za chikwanje. Ngati muli ndi mabala kapena zipsera, akupatseni kalata yopita nayo kuchipatala, adokotala alembe zimene aona. Pepala limenelo kukhoti limalemera kuposa misozi. Wina akakuuzani kuti "kakambiraneni kunyumba", mukane mwaulemu, munene kuti mukufuna nkhani ipite kukhoti. Ndalama za loya zisakuopseni: Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mumzinda wa Blantyre ndipo ntchito yake ndi kuimirira osowa, komanso bungwe la WOLREC limathandiza amayi pa zamalamulo.

Tsono za malata. Nkhani imeneyi ndaimva kangati! Mkamwini akafuna kukakamira pamudzi, amaloza denga. Malatawo ali ndi mtengo wake, inde, ndipo banja likatha khoti limagawa katundu mwachilungamo poyang'ana zomwe aliyense anaikapo. Koma poonkhetsa adzawerenganso njerwa zanu, madzi omwe munatunga pomanga, ndi ana atatu ofunika denga. Musalonjeze kubweza kanthu pabwalo lililonse khoti lisanagamule. Mukapemphenso ndalama zosamalira ana, chifukwa lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limati udindo umenewo ndi wa bambonso ngakhale mutasiyana nyumba.

Malume anu ali kuti pa zonsezi? Mwinimbumba ndiye woyenera kuima pamaso pa nyakwawa n'kunena kuti malo awa ndi athu, mwana wathu sagona kwa eni. Pitani nawo limodzi, ndipo ngati iwo akuzengereza, pezani mlongo wanu kapena mayi aang'ono olimba mtima.

Chikalata cha khoti sichitseka chitseko usiku. Mukadzabwerera, sinthani loko, wachibale wamkulu azigona nanu masabata oyamba, ndipo anansi ndi a chitetezo cha m'mudzi adziwe kuti bamboyo saloledwa kufika. Mukaona kuti mantha akadalipo, kachipinda ka lendi pa Lirangwe n'kabwino kuposa nyumba ya malata yomwe simugonamo tulo. Geni ya tomato ndi banki mkhonde zalipirira amayi ambiri lendi yotere.

Pakadali pano khalani pansi ndi mnzanuyo pamodzi ndi amuna ake, muwauze zomwe mwayamba kuchita ndi nthawi yomwe mukupempha. Wosunga mlendo amapepukidwa akadziwa malire. Chiphaso chanu cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi mayunifolomu a ana, ngati zinatsala kunyumba, musakatenge nokha. Apite nanu wapolisi kapena nthumwi ya amfumu, masana.

Azakhali