Phunziro: Bizinesi ya gulu lathu ndi malamulo a boma

Mawu oyamba

M'midzi yambiri momwe ife alangizi a zaumoyo timagwira ntchito muli magulu amene anayamba ngati olimbikitsana kapena osamalira odwala kunyumba. Boma litayamba kupereka mankhwala a ma ARV mwaulere mu 2004, anthu ambiri amene anali chigonere anadzuka ndi kuyambiranso ntchito. Apa nkhawa inakhala ya chakudya, sopo ndi fizi ya ana. Magulu aja anayamba kuweta nkhumba, kulima ndiwo zamasamba kudimba, kukazinga mandasi ndi kusoka mayunifolomu. Ena alipobe, ena anatha kalekale.

Gulu likatha timathamangira kunena kuti msungichuma anadya ndalama. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri chimene chagwetsa bizinesi chimakhala chachokera kutali: mfundo za boma, mitengo ya katundu ndi miyambo yathu yomwe. M'phunziro lino tiona zinthu zimenezi kuti gulu lathu lisadzidzimuke nazo.

1. Kodi banki m'khonde ndi kopaletivi zimasiyana bwanji?

Banki m'khonde ndi njira imene bungwe la CARE linayambitsa m'dziko la Niger mu 1991, ndipo inafalikira m'maiko ambiri kuphatikizapo kuno kwathu. Anthu apakati pa 15 ndi 25 amasonkha masheya, kubwerekana ndi chiwongoladzanja, kenako kugawana pakatha pafupifupi chaka. Ubwino wake ndi woti ndalama ndi zathu zomwe, ndipo siifuna chikole cha nyumba kapena munda. Kuipa kwake ndi koti gulu lotere silikhala lolembetsedwa, choncho zimavuta kuti lisaine mgwirizano ndi kampani yogula mbewu kapena kupeza ngongole yaikulu.

Kopaletivi ndi gulu lolembetsedwa motsatira lamulo la makopaletivi la 1998. Pamafunika anthu osachepera 10, malamulo a gulu olembedwa, mabuku a ndalama, ndi kulembetsa ku ofesi ya mlembi wa makopaletivi ku unduna woona zamalonda. Membala aliyense amakhala ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya ambiri kapena ochepa. Kopaletivi ikhoza kukhala ndi katundu m'dzina lake, kusumira munthu kukhoti, komanso iyo kusumiridwa. Makopaletivi osunga ndi kubwereketsa ndalama, omwe timawadziwa kuti ma SACCO, ali ndi lamulo lawolawo la 2011 ndipo amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve.

Tisathamangire kulembetsa chifukwa choti tamva kuti kukubwera thandizo. Kopaletivi yobadwira thandizo imafa thandizolo likatha. Gulu liyambe laphunzira kusunga ndi kulemba mabuku ku banki m'khonde, ndipo lilembetse pamene lili ndi katundu woti ligulitse pamodzi.

2. Ngongole za boma

Mu 2005 boma linakhazikitsa thumba la MARDEF kuti anthu akumudzi azipeza mpamba. Mu 2014 thumbali linakhala MEDF, ndipo mu 2020 linatchedwa NEEF. Maina anasintha koma vuto limodzi linkabwerabwera: anthu ambiri sankabweza, chifukwa ankaiona ngongoleyo ngati mphatso ya ndale. Thumba lotere limayenda ngati chipereganyu. Oyamba akapanda kubweza, otsatira amadikira pachabe, ndipo obwereketsa amakhwimitsa malamulo mpaka wosauka weniweni osakwanitsa.

Tisanatenge ngongole iliyonse tifunse mafunso atatu. Kodi tibweza zingati zonse pamodzi? Kodi kubweza kuyamba liti? Nanga mmodzi akalephera, ena amulipirira? Ngongole yoyamba kubwezedwa pakatha mwezi umodzi siyenera kugulira ana a nkhumba, poti nkhumba zimatenga miyezi ingapo kuti zifike pogulitsidwa. Ambiri amene alowa m'katapila analowamo pofuna kutseka ngongole ina imene nthawi yake sinagwirizane ndi bizinesi yawo.

Tidziwenso kuti Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, si ngongole. Ndi ndalama yothandiza mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Banja lolandira likamapatula kangachepe ndi kugula sheya ku banki m'khonde, limakhala ndi pogwira tsiku la mavuto.

3. Kwacha ikatsika mphamvu

Mu Meyi 2012 kwacha inatsitsidwa mphamvu pafupifupi ndi theka. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, moti dola imodzi ya ku America inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Mwina tinganene kuti ife sitigwira madola. Koma mafuta agalimoto, feteleza, ufa wa tirigu ndi mankhwala a ziweto zimagulidwa kunja ndi madola. Kwacha ikatsika, zonsezi zimakwera, ndipo mtengo wa minibasi yopita kumsika umakweranso.

Tiyerekeze kuti mayi wina wokazinga mandasi anasunga K60,000 ku banki m'khonde, ndipo pogawana mu Disembala walandira K80,000. Papepala wapindula K20,000. Koma ngati thumba la ufa limene linali pa K30,000 mu Januwale lafika pa K45,000, ndiye kuti ndalama imene ikanagula matumba awiri pachiyambi tsopano siikwananso matumba awiri ngakhale yachuluka. Mayiyu wabwerera m'mbuyo osadziwa.

Phunziro lake ndi lakuti phindu tiziliwerengera m'katundu. Tizidzifunsa kuti: chaka chatha mpamba wathu unkagula matumba angati, nanga lero ukugula angati? Pogulitsa tiziika mtengo poganizira ndalama imene tikaoderenso katundu mawa, osati imene tinaodera dzulo.

4. Msika uli ndi malamulo ake

Chaka ndi chaka unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yotsikitsitsa yogulira mbewu kwa alimi. Komabe venda akafika ndi sikelo yake pakhomo pa munthu amene ali ndi wodwala m'nyumba, mtengo wa boma uja umaiwalika. Mlimi mmodzi wa matumba atatu sangakane. Alimi 40 atasonkhanitsa mbewu zawo m'nyumba imodzi angathe kudikira ndi kukambirana mtengo. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Zitsanzo zilipo. Alimi a khofi a ku Misuku, Phoka ndi Viphya amagulitsa kudzera mu mgwirizano wa makopaletivi awo wa Mzuzu Coffee, ndipo khofi wawo amafika kunja kwa dziko. Alimi a ng'ombe zamkaka a ku Bvumbwe m'boma la Thyolo amasonkhanitsa mkaka pamalo amodzi oziziritsira pomwe makampani amadzautenga. Palibe kampani imene ikanayenda khomo ndi khomo kutolera malita asanu.

Gulu lofuna kupanga chiponde, uchi wa m'mabotolo kapena mafuta a mpendadzuwa lidziwe kuti masitolo akuluakulu amafuna chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Kuti tichipeze pamafunika malo aukhondo, madzi abwino ndi ndalama zoyezetsera katundu. Ndi bwino kufunsa zimenezi tisanagule makina. Tisaiwalenso chiphaso cha bizinesi cha ku khonsolo ndi ziphaso za tsiku ndi tsiku za mumsika. Ndalama zimenezi tiziziwerengera pamodzi ndi zogulira katundu.

5. Za m'mudzi mwathu momwe

Matenda ndi maliro amadya mpamba kuposa mbala. N'chifukwa chake gulu lililonse liyenera kukhala ndi thumba lapadera la zadzidzidzi, losiyana ndi ndalama za bizinesi.

Kulanda chuma cha masiye kwagwetsanso mabizinesi ambiri a amayi. Bambo akamwalira, achibale amanyamula makina osokera, njinga ngakhale mbuzi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu. Membala aliyense alembetse m'buku la gulu dzina la munthu wodzalandira masheya ake, ndipo tilimbikitsane kulemba wilo tidakali moyo.

Kusalana nakonso kumapha msika. Kachirombo ka HIV sikafala kudzera m'chakudya, kugwirana chanza kapena kulandirana ndalama. Lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limaletsa kusala munthu chifukwa choti ali ndi kachirombo. Gulu liike masiku a misonkhano mosawombana ndi masiku olandira mankhwala, ndipo membala wopita kuchipatala asalipitsidwe chindapusa.

Mawu otsiriza

Mtengo wa dola sitingausinthe ife, koma tikhoza kuukonzekera. Malamulo otiteteza alipo, koma amathandiza okhawo amene akuwadziwa. Tiyeni tipite kwa mlangizi wa chitukuko cha m'midzi kapena ku ofesi ya zamalonda ya paboma lathu kukafunsa zimene gulu lathu likusowa. Madandaulo athu, monga a mlatho woduka kapena sikelo zobera, tiwapereke ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kwa khansala wathu, ndipo tiwalembe kuti asaiwalike.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi mpamba wathu ukugula katundu wochuluka kapena wochepa poyerekeza ndi chaka chatha?
2. Kodi ngongole imene tili nayo ikugwirizana ndi nthawi imene bizinesi yathu imabweretsa ndalama?
3. Membala akamwalira lero, masheya ake apita kwa yani, ndipo zinalembedwa pati?
4. Ndi katundu uti amene tingagulitse pamodzi chaka chino m'malo moti aliyense agulitse payekha?