Abusa, bizinesi ikugwa ndipo kutchalitchi andiiwala

FUNSO

Abusa,

Ndine bambo wa zaka 49, ndimakhala ku Machinjiri ndipo ndine mkulu wa mpingo. Ndinayamba ndi kabenchi ka misomali ndi maloko pamsika wa Ndirande, mpaka ndinafika pokhala ndi mashopu atatu a hadiweya, ku Chinseu, ku Luwanda ndi ku Bangwe, lole yonyamulira simenti ndi malata, komanso antchito 16. Pa Paper Sunday iliyonse mlendo wolemekezeka ndinkakhala ine. Maliro akagwa m'dera, lole yonyamula anamfedwa inali yanga. Ngakhale akuluakulu oti angandibale ankanditchula bwana.

Chigwereni kwacha mu 2023 zinthu zasokonekera. Ndikagulitsa katundu, ndalama yake sikukwaniranso kuoda katundu yemweyo. Shopu ya ku Bangwe ndatseka, lole ndagulitsa, anyamata asanu ndawauza kuti ayambe akhala kunyumba, ndipo otsalawo sindinawalipire miyezi iwiri. Choipitsitsa n'chakuti pa chopereka cha chitukuko ndinalonjeza K2 miliyoni pamaso pa mpingo wonse, ndipo theka lake ndinakatenga kwa wakatapila poopa manyazi. Mayi akunyumba sakudziwa.

Chaka chino pa Paper Sunday anaitana wina. Ine ndinakhala pabenchi, dzina langa silinatchulidwe n'komwe. Amene ankandithamangira ndi moni masiku ano amangokweza dzanja ali patali. Tulo sindikutiona, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti bola kungochoka padziko. Kodi Mulungu wandisiya? Popanda bizinesiyi, ine ndine yani?

Bambo wa ku Machinjiri

YANKHO

Bambo,

Ndiyambe ndi mawu aja oti bola kungochoka padziko, chifukwa sindingawalumphe. Apolisi m'dziko muno akhala akunena mobwerezabwereza kuti ambiri mwa odzipha ndi abambo, ndipo ngongole imatchulidwa kawirikawiri pa zifukwa zake. Lero lomwe, dzuwa lisanalowe, pezani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira mumuuze mawu omwewa monga mwandilembera ine. Kusowa tulo ndi maganizowa zikapitirira, pitani ku Queens kapena kuchipatala cha m'dera lanu mukapemphe kuonana ndi a zaumoyo wa m'maganizo. Mkulu wa mpingo akapita kumeneko ndiye kuti wachita mwanzeru, chikhulupiriro chake chili chomwecho.

Mulungu sanakusiyeni. Kumbukirani zomwe zadutsa mumzinda uno wa Blantyre. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe, m'mphepete mwa phiri la Soche ndi madera ena, ndipo ambiri amene ankamanga pang'onopang'ono anatsala manja ali m'khosi. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwanso ndi 44 peresenti: dola imodzi, yomwe kubanki inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700 usiku umodzi. Penti, mipope, maloko ndi zitsulo, zambiri zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zakunja. Wogulitsa amene anagulitsa pamtengo wadzulo anapeza kuti ndalama ya makatoni khumi ikugula pafupifupi asanu ndi awiri. Zimenezi zinagwera wosala kudya ndi wosapemphera yemwe. Munthu akabwera n'kukuuzani kuti shopu yatsekedwa chifukwa simunabzale mbewu yokwanira kwa mneneri, kapena kuti mnzanu wapamsika wakutsirani mankhwala, dziwani kuti akulondola kangachepe komwe mwatsala nako. Ngati panali zolakwika pakayendetsedwe, monga kukongoza kwambiri kapena kufulumira kutsegula shopu yachitatu, imeneyo ndi nkhani yokhala pansi ndi wodziwa zowerengera ndalama.

Koma ndikawerenga kalata yanu ndikuona kuti chokubayani kwambiri si simenti. Za kugulitsa lole mwalemba mawu awiri okha. Pomwe mtima wanu waima ndi pampando wakutsogolo ndi moni uja. Ndipo pamenepa mlandu si wanu nokha. Mzinda uno unakula tchalitchi ndi sitolo zikuyenda limodzi: mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, kampani yamalonda yoyendetsedwa ndi abale awiri a Moir, yomwe tonse timaidziwa kuti Mandala, n'kutsatira mu 1878. Kudalirana kwa mpingo ndi amalonda pakokha n'kosalakwika, ndipo matchalitchi ambiri a ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Bangwe anafoleredwa ndi malata a anthu ngati inu. Cholakwika n'chomwe mipingo yafika pochita. Wopereka zambiri timamutchula pachimkuzamawu, kwaya n'kumuimbira, amayi n'kululutira. Mayi wogulitsa zitumbuwa pa Nthukwa, amene wachotsa K500 pampamba wake weniweni, amangoponya m'mbale n'kubwerera osamvekera. Yakobo, m'chaputala 2 cha kalata yake, amadzudzula ndendende mchitidwe wopatsa wovala bwino malo abwino n'kumuimika wosauka kumbuyo. Mwakhala zaka mukuuzidwa Lamulungu lililonse kuti ndinu munthu chifukwa cha envulopu yanu. N'zosadabwitsa kuti envulopu itapepuka mwayamba kudzifunsa ngati mudakali munthu.

Taonani mmene zinayendera ndi Ambuye Yesu. Pa ubatizo wake mu Yordano, Atate anamutchula Mwana wokondedwa asanachiritse wodwala ndi mmodzi yemwe, asanalalikire paphiri, asanadyetse khamu. Chikondi chinabwera poyamba, ntchito n'kudza pambuyo. Atangochoka pamenepo n'kulowa m'chipululu, woyesa uja sanamukanize kuti ndi Mwana. Anamuuza kuti aonetse umboni: asandutse miyala kukhala chakudya, adzigwetse kuchokera pamwamba pa Kachisi anthu aone. Yesu anakana, chifukwa zimene Atate ananena sizinkafunika chionetsero. Bambo, ulendo wanu wa kwa wakatapila unali kudzigwetsa kotereku. Mumafuna mpingo uone kuti mudakali yemwe uja. Komatu tsiku lomwe munabatizidwa munalibe shopu, ndipo pamtanda Khristu sanafere mwini mashopu atatu, anafera inuyo. Pa Mgonero mkate womwe mumalandira ndi wofanana ndi wa mlonda wanu. Mukafunsa kuti ndinu yani, yankho ndi limeneli: ndinu mwana wa Mulungu wogulidwa ndi mwazi, amene kwa nthawi ino wapatsidwa udindo woyang'anira katundu ndi anthu. Udindowo ukhoza kukula kapena kuchepa. Umwanawo sunachepe ndi tambala yomwe.

Musamve ngati ndikunyoza malonda. Lidiya wa m'buku la Machitidwe chaputala 16 anali wogulitsa nsalu zofiirira zamtengo wapatali wochokera ku Tiyatira, ndipo mpingo wa ku Filipi unkasonkhana m'nyumba mwake. Paulo yemwe ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo kalata yake yopita ku Filipi komweko, yomwe analemba ali m'ndende, imaonetsa munthu amene anadutsa m'kukhuta ndi m'njala osasintha Mbuye. Luso lomwe linakuchotsani pakabenchi ka ku Ndirande ndi mphatso ya Mulungu, ndipo likadalipo.

Tsono chikhulupirirochi chiyenera kuoneka m'zochita, ndipo zochitazo n'zowawa. Yambani ndi mayi akunyumba. Auzeni zonse, ndi chiwerengero chomwe, asanazimve kwa wakatapila atabwera kudzanyamula filiji. Mwina adzakwiya, ndipo ali ndi chifukwa, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ndaona mabanja ambiri momwe mayi ndi amene anapeza njira bambo atasowa pogwira.

Kenako antchito, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Ndalama yomwe munapereka pamaso pa mpingo pamene anyamata anu sanalandire miyezi iwiri sinakondweretse Mulungu. Deuteronomo 24 imalamula kuti waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5 imati malipiro obedwa amafuula mpaka kumwamba. Anyamatawo ali ndi eni nyumba owalondalonda ku Goliyo ndi ku Makata, ali ndi ana ofuna phala. Asanu amene mwawauza kuti ayambe akhala kunyumba mwawasiya m'malere: sali pantchito, sanachotsedwe, sangathe kufunsira kwina ndi mtima umodzi. Lamulo la zantchito, Employment Act, limati wochotsedwa chifukwa bizinesi yachepa apatsidwe notisi, ndipo ngati wagwira chaka chathunthu kapena kuposa alandire ndalama yomutsanzikira, yomwe ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira, n'kumakwera zaka zikachuluka. Aitaneni onse, atsegulireni mabuku aone momwe zilili, mugwirizane masiku olipira ndipo mulemberane. Ofesi ya zantchito ya boma mu Blantyre ingakuthandizeni kuwerengera. Utsogoleri wanu udzayesedwa m'chipinda chimenecho kuposa pa Paper Sunday iliyonse yomwe munakhalapo, ndipo ndikukhulupirira kuti anyamatawo adzakulemekezani kwambiri mukawauza zoona kusiyana ndi mukamawazemba.

Za katapila: musatengenso ngongole ina yobwezera iyi. Lembani zomwe munatenga ndi zomwe mwabweza kale, ndipo chiwongoladzanja chikakhala chokupanikizani pakhosi kaonaneni ndi loya, chifukwa lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chonyanyira.

Lonjezo lotsala lija, pitani kwa abusa anu ndi akulu anzanu mukanene kuti pakadali pano simungathe. Paulo pa 2 Akorinto 8 amaphunzitsa kuti chopereka chimalandiridwa molingana ndi zomwe munthu ali nazo. Mpingo umene ungakunyozeni pa chifukwa chimenechi ndi umene ukufunika kulapa. Ndipo kwa azibusa anzanga amene mukuwerenga, ndikupempha kuti tisiye kulengeza ziwerengero za zopereka za anthu, ndipo tiyendere amalonda a m'mipingo yathu ngakhale mwezi umene sitikufuna simenti.

Bambo, mukalankhula ndi mayi komanso antchito anu, mundilemberenso mundiuze mmene zayendera, makamaka za tulo ndi maganizo aja. Ndikukupemphererani.

M'busa wanu