PHUNZIRO 14: MOWA WA CHIBUKU

Ana inu a ku Kafue mumaona magalimoto odzaza ndi mapaketi a Chibuku. Kodi mudziwa ciyambi cace ca mowa umenewu?

Kale makolo athu anali kufulula mowa pamudzi. Akazi anali kubviika mapira kapena mawere kufikira atamera, nawayanika, nasinja cimera. Mowawo unali wa pa dima, pa maliro ndi pothira nsembe kwa mizimu.

M'zaka za m'ma 1950 Mzungu wina, dzina lace Max Heinrich, anayamba kufulula mowa wa masese ndi makina ku Kitwe, kumene kunali anchito ambiri a m'migodi. Anali kulemba mafululidwe ace onse m'buku; cifukwa cace anthu anaucha mowawo Chibuku. M'caka ca 1968 Boma la Zambia linatenga gawo lalikuru la nchitoyi, ndipo kampaniyo inachedwa National Breweries.

Ku fakitale aphika phala la cimanga m'miphika yaikuru yacitsulo. Athiramo cimera kuti phalalo litsekemere, nalisefa, nathiramo yisiti. Mowa wa m'paketi upitirira kuwira, ndipo usasa pakapita masiku owerengeka.

Koma kumbukirani: cimanga cofulula mowa ndico comwe cija ca nsima. Atate akathera malipiro ku mowa, ana agona ndi njala. Lamulo la Zambia liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18.

MAFUNSO
1. Kodi cimera acipanga bwanji?
2. Dzina la Chibuku linacokera kuti?
3. Fotokozani kusiyana kwa thobwa ndi mowa.