Fani yanga ikulira ngati njuchi: kodi vuto ndi inveta?

Funso: Akatswiri, ndinaika sola pagolosale yanga. Ndikalumikiza fani ku inveta, imalira ngati njuchi ndipo mota yake imatentha. Mnzanga akuti ndifunefune inveta ya multilevel. Kodi imasiyana bwanji ndi zinazi? — Owerenga a ku Mchinji

Yankho: Zikomo bambo, fani yanuyo ilibe mlandu. Batire imatulutsa magetsi oyenda mbali imodzi, pomwe a ESCOM, a mavoti 230, amakwera ndi kutsika mosalala ngati funde la panyanja, maulendo 50 pa sekondi. Ntchito ya inveta ndi kutsanzira fundelo.

Inveta zambiri zotchipa zimangolumpha: pamwamba, pa ziro, pansi. Kudumphaku ndiko kumanjenjemeretsa waya wa m'mota, n'kuutenthetsa.

Ya multilevel imakwera pang'onopang'ono ngati masitepe. Mu mtundu wina, batire iliyonse imakhala ndi maswichi ake anayi, n'kupanga gawo limodzi, kenako magawowo amalumikizidwa mondondozana. Magawo awiri amapereka masitepe asanu, atatu amapereka asanu ndi awiri. Masitepe akachuluka, funde limasalala, ndipo swichi iliyonse imasenza katundu wochepa. Mtundu winanso wotchuka anaufalitsa mu 1981 akatswiri a ku Japan: Nabae, Takahashi ndi Akagi.

Kuipa kwa inveta ya multilevel n'kwakuti zipangizo zimachuluka, choncho mtengo umakwera ndipo kukonza kumafuna mmisiri wodziwa.

Pagolosale ngati yanu, fufuzani inveta yolembedwa kuti pure sine wave, kutanthauza kuti imatulutsa funde losalala ngati la ESCOM. Musazengereze, chifukwa mota ikapsa mudzalipira kawiri.