Oyilo wa Makina Otchetchera Kapinga: Mawu kwa Anyamata Oyamba Ntchito

Anyamata inu amene mwapeza ntchito yotchetcha kapinga, kaya ndi pabwalo la gofu, pahotela ya kunyanja, pasukulu ya mishoni kapena m'mayadi a ku Johannesburg kumene abale athu ambiri akusamalira maluwa, tsiku lina bwana adzakupatsani kiyi wa makina okwera aja, kathirakitala kokhala ndi mipeni kunsi. Kuyendetsa mudzakudziwa tsiku lomwelo. Chimene chimachotsetsa anthu ntchito ndi oyilo, ndipo ine amene ndakulira m'galaja ndikuphwasula tiinjini timeneti ndati ndikutsineni khutu.

Yambani mwadziwa kuti injini imeneyi si ya galimoto. Ilibe rediyeta, ilibe madzi. Kaya ndi Briggs & Stratton, Kohler, Kawasaki kapena Honda, zambiri mwa injini za petulozi zimazizira ndi mphepo ya fani ya pamwamba ndi oyilo basi. Potchetcha, injini imazungulira koposa 3,000 pa mphindi, maola awiri kapena atatu osapuma, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo. Tsono oyilo amene akulimbana ndi moto wonsewo ndi wochepa zedi: ya silinda imodzi imalowa pafupifupi lita ndi theka, ya masilinda awiri pafupifupi malita awiri. Galimoto ikaperewera kapu imodzi siimva kanthu. Makina awa akaperewera kapu imodzi, zitsulo zitha kuyamba kudyana.

Oyilo ali ngati uchi: kukazizira amalimba, akatentha amasanduka wamadzimadzi. Manambala a pabotolo akunena zimenezo. SAE 30 ali ndi nambala imodzi, ndipo a Briggs & Stratton amamuvomereza kukakhala kofunda, kuyambira madigiri 5 kupita m'mwamba. 10W-30 ali ndi manambala awiri: yoyamba, yokhala ndi W, ikunena mmene amayendera injini ikadali yozizira, yachiwiri mmene amakhalira itatentha. Ameneyu amathandiza kuliza makina m'mawa wachisanu, monga wa ku Gauteng mu Juni ndi Julayi, koma a Briggs omwewo amachenjeza kuti kunja kukapitirira madigiri 27, injini imamumwa msanga. Ganizani tsono: kapinga wathu amakula nthawi ya dzinja, Disembala mpaka Epulo, masiku amene madigiri 27 ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku ku Salima ndi ku Mangochi. Nchifukwa chake pa injini ya Briggs kuno kwathu ine ndimathira SAE 30 mtima uli m'malo. Kumalo otentha kwambiri ngati Chikwawa ndi Nsanje, makina akamagwira ntchito tsiku lonse, oyilo wolimbirapo ngati 15W-50 kapena 20W-50 amapirira bwino, bola buku la injiniyo likhale likumulola. A Kawasaki amalola 20W-50 kukatentha. A Kohler, m'mabuku a injini zawo zambiri, amatchula 10W-30, ndipo pamenepo musatsutsane nawo; muzingoyeza pafupipafupi.

Apa pali msampha umene umakola ambiri. Dzina lolembedwa pabonati si dzina la injini. Makina atha kukhala a John Deere kapena Husqvarna, injini yake ili ya Kawasaki kapena ya Briggs. Tsegulani bonati, werengani chimatiro cha painjini penipeni, kenako pemphani buku kwa bwana. Likasowa, nambala ya pachimatiropo idzakupezerani buku lomwelo pa intaneti ya pafoni panu. Safunsa adadya phula.

Tembenuzaninso botolo muone kumbuyo. Pali zilembo za API: fufuzani SJ kapena zotsatira zake, SL, SM, SN, SP. Mukaona SA kapena SB, bwezerani pashelefu. Ameneyo alibe mankhwala otsuka mwaye m'kati mwa injini. Makina akuluakulu a dizilo, monga ena a Kubota, amafuna oyilo wa dizilo, amene zilembo zake zimayamba ndi C. Oyilo wa synthetic ndi wabwino, amapirira kutentha, koma musaganize kuti poti ndi wodula ndiye kuti akhala chaka ndi chaka osasinthidwa. Fumbi la Okutobala silisankha mtengo wa oyilo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukuletsani ndi mtima wonse. Choyamba ndi oyilo wa 2T, uja timasakaniza ndi petulo pamakina ochekera matabwa ndi otchetchera apamanja. Nthawi zambiri mabotolo amakhala m'sitolo imodzi, mnyamata wofulumira nkungotola lomwe lili pafupi. Oyilo wa 2T anapangidwa kuti azipsa pamodzi ndi petulo, osati kukhala m'mimba mwa injini. Chachiwiri ndi oyilo woyezedwa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu. Wogulitsayo atha kukhala munthu wabwino, koma inu simungadziwe ngati ndi watsopano, wosakaniza kapena wotsitsidwa m'basi nkusefedwa ndi nsalu. Zimandiwawa kuona mnyamata atatumidwa ndi ndalama zokwanira, iye nkugula wotchipa kuti tchenji chikhale chake. Tchenjicho sichigula ngakhale pisitoni imodzi, ndipo injini ikanoka sipita yokha, ntchito imapita nayo. Gulani botolo lomata, mulitsegule nokha.

Kusankha bwino sikuthandiza kanthu ngati simuyeza. M'mawa uliwonse, makina ali pamalo athyathyathya, injini isanalire, pukutani kaye pakamwa pothirira kuti dothi lisagweremo. Solorani kachitsulo koyezera, pukutani, bwezerani, soloraninso. Injini zina zimafuna kuti mumange chivundikiro cha kachitsuloko poyeza, zina mungochikhazika osamanga; buku limanena. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pakachitsuloko. Kudzaza mopitirira si chikondi: oyilo amachita thovu, amakwera mpaka kufyuluta ya mpweya, makina nkuyamba kufuka utsi. Muzimununkhizanso. Akamamveka petulo, kapena mukaona akuchuluka yekha inu osathira, ndiye kuti kabuleta ikudontheza petulo m'kati. Musalize, itanani makaniko. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala amene amatsuka injini ndi paipi.

Makina atsopano asintheni oyilo akangogwira maola 5 mpaka 8, chifukwa tizitsulo tatsopano timakhala tikunyenyeka. Kuchoka apo, mabuku ambiri amati maola 50 aliwonse pa injini yopanda fyuluta ya oyilo, maola 100 pa yokhala nayo, kapena kamodzi pachaka ngati maolawo sanakwane. Pamalo a fumbi ine sindidikira kuti akwane. Tsitsani oyilo injini ikadali yofunda kuti atuluke ndi zoipa zake, ndipo chotsani udzu umene umamatirira m'zipsepse za silinda, poti ngakhale oyilo wodula chotani sangaziziritse injini yofunditsidwa udzu. Oyilo wakaleyo musamutaye m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Musungeni m'chigubu chotseka; ku South Africa bungwe la ROSE Foundation limayendetsa ntchito yotolera oyilo wotere.

Khalani ndi kope lanulanu, muzilemba tsiku, maola a pamita ya makina ndi mtundu wa oyilo amene mwathira. Ndipo bwana akabwera ndi botolo losagwirizana ndi buku, musachite mantha. Muuzeni mwaulemu, mumuonetse tsamba lake, botololo lisanatsegulidwe.