Nkhono Yadzitsekera? Musaitaye!

Anzanga, ambiri timasunga nkhono m'mabotolo podikira phunziro la Biology. Koma dzuwa la Okutobala kuno ku Chipyela silichita masewera. Nkhono ikamva kuuma imalowa m'chigoba n'kutseka pakhomo ndi kachikopa kouma ngati pepala. Sinafe ayi, ikungosunga madzi a m'thupi mwake mpaka mvula. Aphunzitsi amati imeneyi ndi aestivation. Yakufa imanunkha, simungachite kufunsa.

Kuti idzuke, iwazeni timadzi pang'ono, osaimiza. Ikamatirira pabotolo musaikoke, mungaivulaze. Thirani dothi lonyowa m'botolomo, boolani chivundikiro kuti mpweya uzilowa, ndipo liikeni pamthunzi.

Ipatseni nkhwani, kabichi, papaya kapena nthochi. Ndiwo zotsala ayi ndithu, chifukwa muli mchere. Mchere umakoka madzi m'thupi la nkhono, ija timati osmosis ija, ndiye imachita thovu n'kufa. Chigoba chikamapyapyala kapena kusweka, ikusowa calcium. Sinjani makoko a mazira muiikire pambali.

Chenjezo: zonsezi n'za nkhono za kumtunda. Tinkhono ta m'nyanja musatole, chifukwa tina, monga Bulinus, timasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboto timatuluka m'madzi n'kulowa pakhungu. Ukaona magazi pokodza, usachite manyazi, pita ku chipatala cha St Peter's.

Mukagwira nkhono sambani m'manja ndi sopo. Phunziro likatha, kaibwezeni pomwe munaitola. Nayonso ili ndi kwawo.