Mtengo wa M'thengo Uchitira Umboni Mlengi Wake

Ana inu, m'nkhalango ya Kasungu, imene inakhala paki yosungiramo nyama m'chaka cha 1970, muli ng'anjo zakale za dothi zimene makolo anali kusungunuliramo chitsulo. Anthu amene anaziumba anamwalira kalekale, ndipo palibe mmodzi wa ife anaona nkhope zao. Koma munthu akaima pa ng'anjo yotere sanena kuti, Dothi ili linadziunjika lokha. Iye adziwa kuti panali mmisiri, pakuti ntchito ionetsa mwini wake. Chomwechonso Mulungu sitimuona ndi maso, koma ntchito zake zatizinga ponseponse kuno kwa Lukwa. Lero tiyang'ane imodzi ya izo, ndiyo mtengo wa m'thengo.

Mudziwa umo likhalira dziko m'mwezi wa Seputembala ndi wa Okutobala. Udzu wapsa ndi lupsa, madambo aphwa, ndipo amai alawirira m'mamawa kukadikira madzi kuchitsime. Mvula ikali kutali, pakuti kuno iyamba kumapeto kwa Novembala kapena m'Disembala. Tsono pa nyengo yomweyo ya ludzu mombo ndi mitengo inzake iphuka masamba atsopano, ofiira psu, ndipo thengo lonse lioneka ngati lavala nsalu ya ukwati. Madzi ochitira zimenezi iwatenga kuti? Mizu yake inalowa pansi pakuya, pamene pali chinyontho, ndipo mtengo unasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu kuyambira dzinja lapita. Kufiirako kuli ndi ntchito yake: kutchinjiriza tsamba lanthete ku dzuwa loopsa kufikira litakhwima ndi kubiriwira. Motero mvula ikafika ipeza mtengo uli wokonzeka kale. Mtengo ulibe mutu woganizira, suwerenga miyezi monga muchita inu pasukulu. Nanga anauuza ndani kuti mvula ili pafupi?

Taonaninso tsamba lomwelo litabiriwira. Ilo litenga madzi ochokera kumizu, ndi mpweya wa m'mlengalenga, ndi kuwala kwa dzuwa, nilipanga chakudya cha mtengo wonse. Pochita ichi litulutsa mpweya wabwino umene ife ndi ng'ombe zathu tipuma, ndipo mpweya umene ife titulutsa ndiwo ufunidwa ndi tsambalo. Chotsala kwa ife ndicho chakudya chake, chotsala kwa ilo ndicho moyo wathu.

Mvula ikagwa mupita kukazula bowa m'tsinde mwa mitengo. Kodi munayamba mwafunsa chifukwa chake bowa wa m'thengo, monga manyame, samera pakati pa munda wa chimanga? Thupi lake lenileni lili pansi, ndilo timaulusi toyera tating'ono tokulunga mizu ya mtengo. Timaulusito tithandiza mizu kumwa madzi ndi zakudya za m'nthaka, ndipo mtengo utibwezera chakudya chotsekemera chopangidwa ndi masamba. Chimene ife tizula ndicho chipatso chake chabe. Njuchi nazo zitenga timadzi m'maluwa a mitengo niziumba uchi. Matondo adya masamba, ndipo ife tidya matondo. Zonsezi zilibe mfumu yozigawira ntchito, sizichita msonkhano pabwalo, koma zigwirizana chaka ndi chaka osaphonya. Pamene zinthu zambiri zosadziwana zimvana chotere, tizindikira kuti Mwini wake ndi mmodzi, ndipo ali wanzeru ndi wokoma mtima.

Makolo athu anaona zimenezi Uthenga Wabwino usanafike. Chifukwa chake anamutchula Chauta, Namalenga, Leza, ndi Mphambe wa mabingu, ndipo mvula ikakana anali kupita kukachisi kukapempha. Mtumwi Paulo, polembera Akhristu a ku Roma, anaphunzitsa kuti mphamvu ya Mulungu ioneka m'zolengedwa kwa anthu a mitundu yonse, kotero kuti palibe angathe kuwiringula kuti sanamve za Iye.

Koma umboni wa mtengo uli ndi polekezera. Ng'anjo itiuza kuti mmisiri analipo, koma siitiuza dzina lake kapena za mumtima mwake. Momwemo mtengo utiuza kuti Mulungu alipo, koma sungatiuze kuti Iye akhululukira zoipa. Ichi tichimva m'Mau ake. M'chaka cha 1900 Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia anayamba ntchito ya Uthenga ku Kasungu, ndipo m'chaka cha 1922 Buku Lopatulika lonse linatuluka m'chinenero chathu. M'menemo tiwerenga kuti Iye amene aveka mombo masamba anatuma Mwana wake Yesu Khristu kudzatifera.

Tsono pali kanthu kakutichititsa chisoni. Dziko lathu lino ndi la fodya, ndipo makolo anu ambiri apeza ndalama za sukulu ndi za zovala mwa iye. Koma mabalani ootchera fodya adya nkhuni zambiri, zigafa zifuna mitengo, ndipo m'malo ambiri mmene munali thengo lero mwatsala zitsa. Mitengo ikatha bowa atha, uchi usowa, matondo sabwera, ndipo madzi a mvula akokolola nthaka ya m'munda. Mulungu anaika munthu woyamba m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Kulima tikudziwa bwino, koma kusunga tili kuiwala. Munthu wolandira mphatso kwa mfumu naiponya pamoto anyoza mfumuyo.

Chifukwa chake, ana inu, musatenthe tchire posaka mbewa. Mukaona chitsa cha mombo chili kuphuka m'mbali mwa munda, pemphani atate anu kuti achileke chikule. Mvula ikayamba, yense abzale mtengo umodzi pakhomo pao, nautchingire mbuzi. Ndipo pakuona masamba ofiira chaka chino, imani pang'ono, nimuyamike Mulungu amene anawalenga.

Mafunso

1. Ng'anjo yakale itiphunzitsa chiyani?
2. Mombo utenga kuti madzi ophukira masamba mvula isanagwe?
3. Bowa ndi mtengo zithandizana bwanji?
4. Nchiyani chimene mtengo sungathe kutiuza za Mulungu?